ZA KU MANDAVA: KUPHUNZITSA ANTHU NJINGA YOSAYENDA



Sabata ino ndalandira kalata yochokera kwa mbale wina wa ku Shurugwi. Iye ali kunena kuti komiti ya masewera ya pa komboni pawo yagula njinga 8 zija zopalasa uli pamodzimodzi, ndipo amusankha kuti akhale mphunzitsi wa anzake chifukwa ndiye amadziwika ndi kupalasa njinga ya pamsewu. Funso lake ndi lalifupi: "Achimwene Kalaliki, ndamva kuti muli ndi gulu lanu ku Mandava. Kupalasa ndimakudziwa, koma kuphunzitsa ndiyambire pati?" Ndaona kuti ndimuyankhe pompano pa tsamba, pakuti si iye yekha amene wandifunsa, ndiponso m'nkhani imeneyi muli zina zokhudza moyo wa munthu ndi malipiro ake.

Kwa amene sanaione, njinga imeneyi ili ndi chishalo, mahandulo ndi mapedulo monga njinga iliyonse, koma matayala ilibe. Yaima pa miyendo yachitsulo, ndipo kutsogolo kwake kuli gudumu limodzi lolemera, pa njinga zambiri makilogalamu 18 kapena 20. Chapansi pa mahandulo pali kopotokola. Ukakapotokolera kumanja gudumu limalimba ngati wafika pa chikweza, ukakabweza kumanzere limapepuka. Makolo athu amene anali kubwerera kumudzi ndi Raleigh kapena Humber yatsopano atatha zaka ku Shabani akanaseka ndithu kuona amuna aakulu alikutuluka thukuta pa njinga yosafika ngakhale kuchigayo. Koma amene anayambitsa masewerawa sanali munthu wa chibwana. Dzina lake Johnny Goldberg, wobadwira ku South Africa, amene anasamukira ku California. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 anali kukonzekera mpikisano wotchedwa Race Across America, wodutsa dziko la America kuchokera ku nyanja ya kumadzulo kufikira ya kummawa, mtunda wa pafupifupi makilomita 4,800. Poona kuti kupalasa usiku pamsewu kunali koopsa chifukwa cha magalimoto, anadzikonzera njinga yoima panyumba, ndipo pambuyo pake anayamba kuitana anthu kuti azipalasa pamodzi, wina atakhala kutsogolo kuwatsogolera. Masewerawo anawatcha Spinning.

Tsono mbale wanga, choyamba uchidziwe ndi ichi: anthu amene akubwera kwa iwe sakufuna mpikisano. A m'gulu langa ambiri anabwera chifukwa cha sikelo ya adokotala. Ine ndili mu ofesi, ndipo ndimaona nkhope ya munthu amene wapimidwa nauzidwa kuti magazi ake akuthamanga kwambiri kapena shuga wakwera, ndi kuti akabwere adzapimidwenso. Munthu wotere usiku sagona, poganiza kuti angamuchotse ntchito ya pansi pamene ana ali pa sukulu. Bungwe la zaumoyo la dziko lonse, WHO, limati munthu wamkulu azichita zolimbitsa thupi mphindi zosachepera 150 pa sabata. Ameneyo ndiye wakhala pamaso pako. Iwe miyendo yako ndi yolimba kale, ndipo palibe amene wabwera kudzaiona.

Munthu asanakwere, muonetse poimitsira. Njinga ya pamsewu ukaleka kupalasa mapedulo amaima ndipo iwe umangotsetsereka. Njinga zambiri za mtundu uwu sizitero. Gudumu ndi mapedulo n'zomangana, chotero gudumu likamazungulira mapedulo azungulirabe, ufune usafune, ndipo wochotsa phazi mwadzidzidzi pedulo imamumenya pa msongolo kapena kumupotokola bondo. Poimitsa amakanikiza kopotokola kaja pansi, pena pamakhala kachitsulo kake kofiira. Aliyense watsopano akanikize katatu iwe uli kuona. Amene amavuta kwambiri pamenepa ndi omwe anazolowera njinga, monga anyamata amene anachitapo kabaza kumudzi, chifukwa miyendo yawo imakumbukira zakale.

Chachiwiri chishalo. Munthu aime pambali pa njinga, ukweze chishalo chifanane ndi fupa la m'chiuno mwake. Akakwera, pedulo ikafika pansi penipeni bondo likhale lopindika pang'ono, losawongoka kotheratu. Ukaona chiuno chikugwedera uku ndi uku ndiye kuti chishalo chakwera kwambiri. Ukaona mawondo akufika kuchifuwa ngati munthu wakhala pa kampando ka kukhitchini, chatsika, ndipo mawa lake adzadandaula mawondo. Wa msana wovuta umukwezere mahandulo. Ine ndimalemba nambala ya chishalo cha munthu aliyense m'kabuku, ndipo akabweranso sitiyambanso kuyeza.

Tsopano ndifike pa chimene chandichititsa kulemba. Chaka chatha m'tauni ina yoyandikana nafe, mnyamata wina wophunzitsa njinga zomwezi analandira mlendo m'gulu lake, bambo wa zaka za m'ma 30, wogwira ntchito pansi, wamphamvu zake wosadwaladwala. Mphunzitsiyo poona thupi la bamboyo anati uyu ndi chitsulo, namupalasitsa pamodzi ndi akale mphindi 45 zathunthu, kuimirira ndi kukhala, gudumu lolimba, uku alikumukalipira pamaso pa anzake kuti mwamuna satsika panjira. Bamboyo sanatsike, pakuti ndani afuna kusekedwa? Patapita masiku awiri ntchafu zinatupa ndi kuuma, masitepe analephera kukwera, ndipo mkodzo unatuluka wakuda ngati tiyi wopanda mkaka. Anagona m'chipatala ali pa diripi, ndipo anakhala sabata zitatu osalowa shifiti. Ine amene ndimawerengera masiku a anthu ndikudziwa chimene sabata zitatu zimachita pa pepala la malipiro: bonasi yapita, ovataimu yapita, ndipo kumudzi mwezi umenewo sikupita kanthu.

Anzake ena anati amulodza. Sizinali choncho ayi. Nthenda imeneyi adokotala amaitcha rhabdomyolysis, ndipo mayendedwe ake ndi awa. Mnofu ukagwiritsidwa ntchito yoposa imene unazolowera, timinyewa take timasweka, ndipo zam'kati mwake zimalowa m'magazi. Impso zikamayesa kusefa zimenezo zimatsekeka, ndipo zikhoza kuleka kugwira ntchito. Mu 2017 adokotala a ku America anafalitsa nkhani ya anthu amene anadwala chotere atapalasa njinga zimenezi, ndipo ochuluka kwambiri mwa iwo linali tsiku lawo loyamba. Taonani, amene ali pangozi yaikulu ndi wamphamvu amene ntchafu zake sizinazolowere kupalasa, chifukwa mtima ndi mapapo zimamulola kupitirira pamene mnofu watha kale.  Kutentha kwa Okutobala, kusamwa madzi, ndi mowa wa dzulo lake zimawonjezera ngozi.

Chifukwa chake lamulo la pa gulu langa ndi ili, ndipo silisintha ngakhale abwere katswiri wa mpira: tsiku loyamba mphindi 15 kapena 20 basi, atakhala pa chishalo, gudumu lopepuka, osaimirira. Tsiku lachiwiri awonjezere mphindi 5. Afike pa mphindi 40 patapita sabata zitatu kapena zinayi. Ndipo ndisanamulole kupita kwawo ndimamuuza pamaso pa onse, kuti asachite manyazi: mukaona mkodzo wakuda, kapena ntchafu zatupa ndi kupweteka koposa kutopa wamba, pitani kuchipatala tsiku lomwelo ndipo mukawauze kuti munapalasa njinga. Asayambe wagula mapiritsi a ululu monga brufen kapena diclofenac, pakuti amenewo amalemetsanso impso zimene zili kale pa mavuto.

Palinso a mapapo. Kuno ku Zvishavane, kumene mpaka 1982 kunali kutchedwa Shabani, amuna ambiri anakalambira mu mgodi wa asbestos wa Shabanie. Mu 2004 boma linaika kampani ya mgodiwo m'manja mwa woyang'anira wake, ndipo patapita zaka zochepa ntchito yokumba inaima, koma fumbi limene munthu anapuma limakhalabe m'chifuwa, ndipo nthenda yake ikhoza kuonekera patapita zaka 20 kapena 30. Chimodzimodzinso fumbi la mwala la m'migodi ya golide, ndi mabala amene chifuwa chachikulu chimasiya. Tsono ufunse munthu aliyense payekha, osati pagulu: munagwira kuti, zaka zingati, mumamwa mankhwala anji, munamvapo kupweteka pachifuwa kapena chizungulire? Akayankha zokayikitsa, ayambe wakaonana ndi adokotala abwere ndi mawu awo. Wina amakwiya, amati kalaliki wadziyesa dokotala. Akwiye. Ndipo wachifuwa chosatha asalowe m'holo momwe anthu khumi alikupumira pamodzi kufikira atapimidwa makhololo. Mazenera onse atsegulidwe, ngakhale mwezi wa Juni.

Nanga udziwa bwanji kuti munthu wafika pokwanira? Makina ovala pamkono ambiri tilibe, koma pakamwa tili napo. Mufunse funso lofuna yankho lalitali, monga kuti kwanu ku Ntcheu mumatsikira pati basi ndipo mumayenda bwanji kukafika pakhomo. Akayankha mawu onse mosadukiza, ali bwino, akhoza kulimbitsa gudumu pang'ono. Akayankha mawu atatu n'kupuma, wafika pa ntchito yeniyeni, akhale pomwepo. Akangogwedeza mutu osatulutsa mawu, wapyola, abweze. Ofuna masamu aike zala ziwiri pa mtsempha wa padzanja, awerenge kugunda kwa masekondi 15, achulukitse ndi 4. Chiwerengero chakale chimati uchotse zaka zako pa 220 kuti upeze malire a mtima wako. Wa zaka 40 malire ake ndi 180, ndipo woyamba kumene akhale chapafupi ndi 120 kapena 130. Chiwerengerochi n'chongoyerekeza, ndipo mankhwala ena a kuthamanga kwa magazi amachedwetsa mtima, chotero ine ndimakhulupirira funso la basi koposa masamu. Liwiro la miyendo nalo limawerengeka: bondo la kumanja likwere ka 20 mpaka 27 pa masekondi 15 pamene tili pa chidikha, ndi ka 15 mpaka 20 pa chikweza. Wopyola pamenepo uku akudumphadumpha pa chishalo ndiye kuti gudumu lapepukitsa ndipo likumupalasa iyeyo.

Za kalankhulidwe ndinaphunzitsidwa ndi madala ena a m'gulu lathu, a zaka zoposa 70, amene anagwirapo ntchito ku Joni asanabwere kuno. Tsiku lina tikupukuta njinga anandifotokozera za chipinda cha moto cha m'migodi ya golide ya kumeneko. Kuyambira m'zaka za m'ma 1960, obwera kumene anali kuwalowetsa m'chipinda chotentha ndi chachinyontho, navula zovala, n'kumakwera ndi kutsika pa chipika maola anayi pa tsiku kwa masiku angapo, kuti thupi lizolowere kutentha kwa pansi. Anati chimene sachiiwala si kutentha ayi, koma mawu a kapitawo amene anali kukuwa osadziwa dzina la munthu ngakhale mmodzi. Ndipo anati, "Mwana wanga, tsiku limene mudzatikuwire chotero, ine njinga yanu ndidzakusiyirani." Ndinawayankha kuti, "Madala, mukadzandimva nditero mudzandikoke khutu pomwepo." Amuna awa amalamulidwa maola 8 kapena 12 pansi pa nthaka. Akafika m'holo madzulo sakufunanso kapitawo wina. Dziwa dzina la aliyense, wamkulu umutchule bambo kapena madala, ndipo pomuwongolera pita pambali pake unene motsitsa. Kuyamika ndiko unene mokweza.

Mawu akhale ochepa, pakuti munthu wopuma wefuwefu samva chiganizo chachitali. Komanso gulu la pa mgodi si la mtundu umodzi. Kwa ine kuli Achewa, Ayao, Akaranga a konkuno ndi Andebele awiri. Ndikafuna aimirire ndimati imirirani, simukai, sukumani, ndi kukweza dzanja. Pokhala ndimati khalani, garai pasi, hlalani phansi, ndi kutsitsa dzanja. Patapita sabata dzanja lokha limakwanira. Ndipo uwachenjeze chinthu chisanafike: "kwatsala masekondi 10 tifike pa chikweza." Munthu amapirira chinthu chimene akudziwa kutalika kwake. Ukati kwatsala mphindi imodzi, ikhaledi imodzi. Alipo aphunzitsi amene amati yomaliza, yomaliza, kasanu konse, ndipo anthu awo anasiya kalekale kuwakhulupirira.

Chimene chimasangalatsa gulu langa koposa ndi ulendo. Sindinena kuti limbitsani gudumu katatu. Ndimati lero tinyamuka pa Mandava kulowera ku Gweru, tiwoloka Runde, ndipo kutsogoloku kuli Boterekwa. Aliyense amene anakwerapo basi pa msewu umenewo amadziwa mmene umakhotera pokwera kufika ku Shurugwi, ndipo iwe mbale wanga uli nalo phirilo pakhomo pomwe. Tsiku lina ndimapatsa mmodzi wa iwo kuti atitsogolere kwawo. Wa ku Dedza anatikweza Khwekhwerere kuchokera ku Golomoti, wa ku Rumphi anatikweza Chiweta, natchula pokhota paliponse ndi pamene amayi amagulitsa nthochi. Munthu amene sanapite kumudzi zaka zisanu anapalasa tsiku limenelo ngati adzafikadi.

Nyimbo uzisankhe ndi khutu la mphunzitsi. Sungura ya Alick Macheso anthu amaikonda, makamaka pamene aimba m'Chichewa, koma ndi yothamanga, ndipo miyendo imatsata ng'oma munthu osadziwa. Iikidwe pakati, thupi litatentha kale. Mphindi 5 mpaka 10 zoyamba ndi zomaliza zifuna nyimbo yodekha, ngakhale ya kwaya. Gumbagumba isapose mawu ako, ndipo kumbukira kuti ambiri mwa amuna awa makutu anayamba kale kuwavuta ndi phokoso la makina oboola mwala. Magetsi akazima, monga amachitira, ife sitibalalika. Ndili ndi wezulo m'thumba, ndipo ndinaonera kwa wotsogolera Beni mmene amagwirira gulu lonse ndi wezulo ndi phewa lokha. Wina amayambitsa nyimbo ya kwawo, ena n'kumavomera. Apo ndiye umadziwiratu amene wapyola muyeso, chifukwa kuvomera kumamukanika.

Wafunsanso kuti ungakule bwanji pa uphunzitsi pamene sukulu yake ili kutali ndipo ndalama yake palibe. Ine sukulu ndinalekera ku pulaimale ya mishoni, koma aphunzitsi athu kumeneko sanali kulowa m'kalasi opanda buku lokonzekera, ndipo pophunzitsa kulemba sanali kukhala pa mpando, anali kuyenda mzere ndi mzere kuona dzanja la mwana aliyense. Ziwiri zimenezi ndinazitenga. Madzulo a dzulo lake ndimalemba phunziro lonse, mphindi ndi mphindi, nyimbo ndi nyimbo. Ndipo pa mphindi 40 zija, zosachepera 15 ndimakhala nditatsika pa njinga yanga, ndili kuyenda pakati pawo. Uli pa njinga kutsogolo umaona nkhope zokha. Ukayenda umaona phewa louma, chala cha phazi choloza pansi, botolo la madzi limene silinatsegulidwe, ndi uja wa kumbuyo amene milomo yayamba kutuwa.

Kamodzi pa mwezi ndimapempha mnyamata andijambule ndi foni kuyambira poyamba mpaka pomaliza, ndipo ndimakaonera kunyumba ndi pensulo m'manja, kuwerenga kuti ndatchula maina angati ndi kuti ndayang'ana mbali iti kawirikawiri. Ndimapitanso kukakhala wophunzira wamba m'gulu la mphunzitsi wina ndikapeza mpata ku Gweru kapena ku Bulawayo, pakuti zimene wophunzira amamva pa chishalo wotsogolera amaziiwala msanga. Mafilimu a pa intaneti aliko ambiri, koma usankhe. Amene amaonetsa anthu akuvina pa njinga, kusiya mahandulo, kapena kunyamula zitsulo uku akupalasa, ndi a achinyamata a m'mizinda ya kunja, ndipo msana wa munthu wa zaka 50 wonyamula jekihama sufuna zimenezo. Koma mphunzitsi wamkulu kuposa onse ndi uja amene anabwera kawiri n'kusiya. Mulondole kunyumba kwake ukamufunse chimene chinamubweza. Wina adzati chishalo chimapweteka, ndipo umuuze kuti zimatha pa sabata ziwiri. Wina adzati nthawi ikuwombana ndi shifiti. Wina sadzanena msanga, koma ukadekha adzaulula kuti anasekedwa.

Chimodzi chokha usachizengereze: kalembetse maphunziro a chithandizo choyamba. Pa migodi yathu amaphunzitsa, ndipo a Red Cross ndi a St John nawonso amaphunzitsa. Munthu akagwira pachifuwa, akachita chizungulire, kapena thukuta lozizira likamutuluka, atsike msanga ndipo galimoto ya chipatala iitanidwe. Akagwa osapuma, udziwe kukanikiza pakati pa chifuwa ka 100 mpaka 120 pa mphindi kufikira thandizo litafika. Nambala ya chipatala ilembedwe pakhoma ndi zilembo zazikulu, ndipo pakhale munthu wachiwiri wodziwa chochita, pakuti nawenso mphunzitsi uli ndi mtima.

Njinga zanuzo muzizipukuta tsiku lililonse mukatha, chifukwa thukuta lili ndi mchere ndipo limadya chitsulo msanga kuposa mvula. Aliyense abwere ndi botolo lake ndi kansalu kake. Mapedulo ndi zomangira chishalo uziyese ndi dzanja anthu asanafike.

Ife kuno timakumana Lolemba, Lachitatu ndi Lachisanu nthawi ya 5 koloko madzulo, ndi Loweruka mmawa chifukwa cha a shifiti ya masana. Tsiku limene FC Platinum ili kusewera pa bwalo la Mandava sititsegula n'komwe, pakuti ndingakhale ndekha ndi njinga. Ukapeza tsiku la ofu, kwera basi utsike Boterekwa ubwere udzakhale kumbuyo kwa gulu langa, ndipo ubwere ndi kabuku kako tidzalembere pamodzi phunziro lako loyamba. Sabata ya mawa ndidzayankha a ku Mberengwa amene afunsa za kawerengedwe ka masiku a tchuthi.

Tsalani bwino nonse.

Ndine wanu,
Kalaliki wa ku Mandava